Kusakaniza mitundu ya mikanda: zokambirana za gulu la otunga mikanda ku Mzuzu

Naphiri (Chibavi): Mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Funso langa likupita kwa inu akuluakulu a ntchitoyi. Mkanda wa m'khosi woti uyambe ndi buluu kumbuyo n'kudzathera chikasu pachifuwa, popanda malire ooneka, umatungidwa bwanji? Mikanda yabuluu ndi yachikasu ikasakanizidwa pakatipo, zobiriwira sizikutuluka ayi, pakungooneka mbuu ngati phulusa. Chikulakwika n'chiyani?

NyaGondwe (Katoto): Taswera, achemwali. Mikanda si penti, vuto lagona pamenepo. Penti yabuluu ndi yachikasu ikatakasidwa m'chitini imasanduka chinthu chimodzi, iliyonse imameza gawo lake la kuwala, chotsala n'kukhala chobiriwira. Mkanda sumasungunuka. Wabuluu umakhalabe wabuluu, wachikasu wachikasu, ndipo amene amasakaniza ndi maso a munthu woima patali. Maso akaphatikiza buluu ndi chikasu amapeza chotuwa. Ndiye mukafuna zobiriwira pakati, muzigule. Njira yanu ikufuna mitundu 5: buluu wakuya, buluu wopendekera kobiriwira ngati madzi a m'mphepete mwa nyanja ku Chintheche, wobiriwira weniweni, wobiriwira wopendekera kuchikasu ngati nsonga ya chimanga chongomera, kenako chikasu. Musasakanize mitundu yotalikirana, muzingosakaniza yoyandikana.

Naphiri (Chibavi): Yoyandikana ndiidziwa bwanji, amayi?

Bambo Mwale (Mchengautuwa): Jambulani gudumu la mitundu pa katoni, ndi losavuta. Lembani bwalo ngati wotchi ya pakhoma. Chikasu pa 12, chofiira pa 4, buluu pa 8. Pakati pawo ikani ana awo: olenji pa 2, pepo pa 6, chobiriwira pa 10. Manambala otsalawo, 1, 3, 5, 7, 9 ndi 11, ndi a mitundu yopendekera mbali imodzi, monga pa 9 pali buluu wopendekera kobiriwira amene mayi NyaGondwe akunena. Pa nambala iliyonse matani kapena sokererani mikanda yeniyeni imene muli nayo, osati kupaka chekeni, chifukwa galasi ndi pepala sizionetsa mtundu mofanana.

Kuwerenga kwake n'kotere. Mitundu ya manambala otsatizana ndi pachibale, imalowana bwino. Mitundu yoyang'anizana, 12 ndi 6, 4 ndi 10, 8 ndi 2, ikakhala m'zigawo zikuluzikulu imadzutsana, uliwonse umaoneka wamphamvu kuposa mmene ulili. Koma mukaimwaza pamodzi mkanda umodziumodzi, imaphana. Chofiira ndi chobiriwira zomwazikana zimaoneka ngati matope. Buluu ali pa 8, chikasu pa 12, ndiye ulendo wake ndi 8, 9, 10, 11, 12. Gudumuli ndi lakale. Isaac Newton anasindikiza bwalo la mitundu 7 mu 1704, ndipo la magawo 12 linatchuka ndi Johannes Itten amene ankaphunzitsa pa sukulu ya Bauhaus ku Germany.

Mayi a Chisomo (Luwinga): Gudumu ndi labwino, bambo, koma palokha silingapulumutse mkanda wa Naphiri. Limangonena dzina la mtundu. Chimene maso amayamba kuona ndi kuwala kapena kudera kwa mkandawo. Mukhoza kutsata 8 mpaka 12 bwinobwino, koma wobiriwira wanu akakhala woderapo kuposa buluu, pakatipo padzaoneka chibanga chakuda, mkanda wonse n'kuoneka woduka. Mitundu isanuyo iyenera kukwera ngati masitepe, kuchoka kodera kupita kowala, popanda sitepe yobwerera pansi kapena yodumpha.

Kuyesa kwake: thirani timilu tisanu pansalu yotuwa motsatizana, jambulani ndi foni, chithunzicho muchisandutse chakuda ndi choyera. Mitundu ikachoka, masitepe amaonekera poyera. Timilu tiwiri tikafanana ndendende, kamodzi n'kongodya malo. Pakakhala kudumpha kwakukulu, kawirikawiri pakati pa wobiriwira ndi chikasu, pakufunika mtundu wina wolowa pakati. Foni ikathima, tsinzinani pang'ono mpaka zinthu zizioneka mwachimbuuzi, mudzaona zomwezo.

Bambo Mwale (Mchengautuwa): Apo palibe chotsutsa, mayi. Gudumu limakuuzani njira, kudera kumakuuzani kutalika kwa phazi.

NyaGondwe (Katoto): Tsono tiwerenge. Titenge mikanda ya saizi 11/0, imene imakhala pafupifupi mamilimita 2 m'mimba mwake. Ikatungidwa imalowa pafupifupi 7 pa sentimita. Mkanda wa m'khosi wa masentimita 45, tikachotsapo 2 a chokolowekera, otsala 43, ndiye mikanda pafupifupi 300. Popeza mbali ziwiri ziyenera kufanana, mbali imodzi ndi 150.

Pa 150 imeneyo pali zigawo 5 za mtundu umodzi, chilichonse mikanda 14, ndi zigawo 4 zosakaniza, chilichonse mikanda 20. Chigawo chosakaniza chimatungidwa m'magulu a isanuisanu. Gulu loyamba 4 yakale ndi umodzi watsopano, lachiwiri 3 ndi 2, lachitatu 2 ndi 3, lachinayi umodzi wakale ndi 4 yatsopano. M'gulumo musaunjike yofanana mbali imodzi. Pa 3 ndi 2 muzitunga wakale, watsopano, wakale, watsopano, wakale. Mukatunga itatu kenako iwiri, mupanga mizeremizere, kusakanikirana sikuoneka.

Chenjezo ndi pachifuwa. Pamenepo chikasu cha mbali ziwiri chimakumana, 14 ndi 14 kukhala 28, ndipo chikasu n'chaphokoso kale. Ikani 7 mbali iliyonse, 7 yotsalayo muwonjezere ku buluu wa kumbuyo. Yambani kutunga pakati n'kumapita kumapeto, kuti mukalakwitsa utali mudzachotse kapena kuwonjezera kukhosi kumene sikuoneka.

Anambewe (Zolozolo): Kuwerengako kuli bwino pa chingwe chimodzi kapena ziwiri. Pa mkanda wa zingwe 10 kapena 15, mwambo womwewo ukabwerezedwa ndendende pa chingwe chilichonse, malire amene tikuwathawa aja amabwerera, chifukwa mkanda watsopano woyamba umagwera malo amodzi pa zingwe zonse. Njira yabwino pamenepo ndi ya timbale. Pakati pa mitundu iwiri iliyonse konzani timbale titatu. Muyezo ukhale kachitsekero ka botolo. Koyamba zitsekero 3 za wakale ndi chimodzi cha watsopano, kachiwiri 2 ndi 2, kachitatu chimodzi ndi 3. Takasani ndi chala, kenako muzingotola ndi singano osasankha. Kusasankhako ndiye kovuta, dzanja limafuna kuthawa mikanda itatu yofanana ikatsatizana. Isiyeni. Komanso utali wa zigawo uzisiyana pang'ono, chingwe china chisinthe mbale pa masentimita 3, china pa 3 ndi theka.

NyaGondwe (Katoto): Zoona, achemwali, pa zingwe zambiri timbale timapambana. Pa ndolo pokha muziwerenga ndithu, chifukwa ziwirizo zikasiyana aliyense amaona.

Anambewe (Zolozolo): Ndipo musasakanize katundu yense. Mikanda yosakanizidwa kuilekanitsanso ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Za kagulidwe, 11/0 yozungulira imakhala pafupifupi 110 pa galamu imodzi, ndiye chingwe cha mikanda 300 chimadya pafupifupi magalamu 3. Zingwe 10 ndi magalamu 30, ndipo muwonjezerepo kagawo chifukwa ina imakhala yopunduka kapena yotsekeka bowo. Mtundu uliwonse mugule wokwanira kamodzi. Paketi ya dzina lomwelo yobwera mwezi wotsatira imatha kusiyana pang'ono, ndipo pa ntchito yosakaniza kusiyanako kumaoneka.

Achimwene Banda (Masasa): Pali nkhani imene sitinaikhudze, ndipo kwa ife ndi yaikulu: khungu. Mikanda yoonekera mkati imakongola m'paketi chifukwa kuwala kumadutsa, kukagunda pepala loyera kumabwerera. Pakhungu lakuda kuwala kobwerera kumachepa, ndiye buluu wakuya, pepo ndi wobiriwira wakuya woonekera mkati zimazimirira, zimangooneka bii. Masitepe amene munayeza pansalu amasokonekera pakhosi. Choncho kachidutswa koyesera ka masentimita 5 kaziyesedwa padzanja, osati pathebulo. Mitundu yoderayo mutenge yosaonekera mkati, kapena ya silver-lined, imene bowo lake linapakidwa siliva ndipo imabweza kuwala yokha.

Ulusi nawo umalowa mu mtundu. M'mikanda yoonekera mkati ulusi wakuda umadetsa chikasu n'kuchipendeketsa kobiriwira, woyera umachiwalitsa. Twayini yoonekera mkati, ngati yowedzera nsomba ija, siisintha mtundu, koma ndi youma, mkanda wa zingwe zambiri sugona bwino pachifuwa. Pa ntchito yochoka kodera kupita kowala, ulusi wotuwa ndi umene umabisala mbali zonse ziwiri.

Mayi a Chisomo (Luwinga): Onjezanipo kunyezimira, achimwene. Mtundu umodzi womwewo ukakhala wa matte, wosanyezimira uja, umaoneka ngati wabwerera m'mbuyo, ndipo wa silver-lined umadumphira kutsogolo. Mikanda yotchedwa AB imanyezimira mitundu ya utawaleza pamwamba, ndiye mkanda wakuda wa AB padzuwa umaonetsa buluu, pepo ndi golide, sungagwire ntchito ya wakuda weniweni. Pa kusakaniza kosalala mitundu yonse ikhale yonyezimira mofanana. Koma pali luso lina lokoma: mtundu umodzi wokha, mwachitsanzo wofiira, kuchoka pa matte, kudutsa wosalala wamba, kukathera silver-lined pachifuwa. Mtundu sunasinthe, koma mkanda umaoneka ngati ukuyaka pakati.

Gogo NyaJere (Chiputula): Ana anga, zamagudumuzo n'zabwino, koma musaganize kuti nzeru ya mitundu inayamba ndi katoni. Kayang'aneni mikanda imene Angoni amavala pa ingoma, kapena pa Umthetho ku Hora. Mitundu yake ndi yamphamvu, yosasakaniza, koma siimenyana. Tayang'anani chimene chaima pakati pa mtundu ndi unzake: nthawi zambiri ndi woyera kapena wakuda. Mzere umodzi wa mikanda yoyera pakati pa wofiira ndi wabuluu umapatsa uliwonse mpata wopuma. Si mkanda uliwonse umafuna kusungunula malire. Wina umafuna malire akuthwa, ndipo wotunga azidziwa zonse ziwiri.

Bambo Mwale (Mchengautuwa): Agogo mwanena chinthu chimene akatswiri a utoto anachivutikira. Ku Paris, pa fakitale yoluka nsalu zapakhoma ya Gobelins, oluka ankadandaula kuti ulusi wakuda ukuoneka wosuluka. Michel Eugène Chevreul, amene anayamba kuyang'anira za utoto kumeneko mu 1824, anapeza kuti utotowo unalibe vuto. Wakudawo unkasintha m'maso chifukwa cha mitundu yoyandikana nawo. Zotsatira zake anazisindikiza mu 1839. Mtundu uliwonse umakankhira mnzake woyandikana naye ku mtundu woyang'anizana nawo pagudumu. Ikani mikanda yotuwa pakati pa yofiira, idzaoneka yobiriwirako. Yotuwa yomweyo pakati pa yabuluu idzaoneka ngati ili ndi kaolenji. Woyera pambali pa mtundu umauonetsa woderapo, wakuda pambali pake umauwalitsa. N'chifukwa chake mkanda sugulidwa poyang'ana paketi imodzi payokha. Muzipita kumsika ndi kachingwe ka mikanda imene idzakhale nayo pafupi.

Naphiri (Chibavi): Zikomo agogo, zikomo bambo. Nanga zibangili za mitundu ya mbendera, zimene anthu amazifuna kwambiri chakumayambiriro kwa July? Pamene chofiira chakumana ndi chobiriwira pamakhala ngati pakunjenjemera m'maso.

Mayi a Chisomo (Luwinga): Kunjenjemerako kumabwera mitundu yoyang'anizana ikakhala yofanana kudera, yonse yamphamvu, n'kugundana popanda cholekanitsa. Chofiira ndi chobiriwira zili pa 4 ndi 10, ndipo pa chithunzi chakuda ndi choyera nthawi zambiri zimaoneka zofanana. Mbendera yathu imatsatana chakuda, chofiira, chobiriwira, ndiye simungasinthe dongosolo. Chimene mungasinthe ndi kudera. Tengani wobiriwira woderapo kuposa wofiira, kapena wofiira wonyezimira ndi wobiriwira wa matte. Ngati chibangili sichikujambula mbendera yeniyeni koma chikungotenga mitundu yake, chitani za agogo, mkanda umodzi wakuda pakati paliponse. Chimodzi chokha musayese: kusakaniza wofiira ndi wobiriwira kuti malire asungunuke. Mudzapeza bulawuni wakuda.

NyaGondwe (Katoto): Pa mitundu yoyang'anizana kuchuluka kumathandizanso. Muyezo wakale wa ojambula umati chikasu gawo limodzi pa magawo 3 a pepo, olenji gawo limodzi pa magawo 2 a buluu, chofiira ndi chobiriwira mofanana. Mtundu wowala kwambiri umafuna malo ochepa kuti umveke. Tayang'anani mbuna zachikasu za m'miyala ya chaku Nkhata Bay, kansomba kang'onong'ono koma m'madzi abuluu kamaoneka patali. Pa mkanda wa mitundu itatu yambani ndi 60, 30 ndi 10 pa mikanda 100 iliyonse, waphokosowo ukhale wa 10. Mukagawa mofanana, maso amasowa poyambira.

Achimwene Banda (Masasa): Ndipo mukamatungira munthu mkanda woti avalire chitenje kapena chilundu cha pa chinkhoswe, musatenge mtundu waukulu wa nsaluyo. Mkanda umamira. Funani mtundu umene uli wochepa kwambiri m'maluwa a nsaluyo, umenewo ukhale waukulu pamkanda. Zitenje za ku msika wa Taifa zimakhala ndi mitundu inayi kapena isanu, mkanda utengepo iwiri basi. Pemphani kachidutswa ka nsalu kotsala kwa telala, chithunzi cha pa foni chimanama, makamaka pa pepo ndi buluu. Muziyerekezera masana pamthunzi wa pakhonde. Babu lachikasu limapha buluu ndi pepo, ndipo m'mawa wa nkhungu wa June ndi July kuno ku Mzuzu umaziziritsa mitundu yonse, wofiira n'kuoneka wofooka. Dikirani kuyere.

Anambewe (Zolozolo): Zonsezi zimagwa ngati mtundu umodzi usuluka. Pa masitepe asanu, imodzi ikatuwa pakatha mwezi, mkanda wonse wawonongeka. Mitundu ina ili m'galasi momwemo: buluu wa cobalt, wobiriwira wa chromium, wofiira ndi wachikasu wa selenium ndi cadmium. Imeneyo siichoka. Yokayikitsa ndi pinki wowala, pepo wowala, ndi yagolide kapena yasiliva yokutidwa kunja, chifukwa yambiri imakhala yopakidwa pamwamba kapena m'bowo. Thukuta, mafuta odzola, perefyumu ndi dzuwa zimaidya.

Yesani musanatunge. Phwanyani mkanda umodzi ndi pulayala mutauphimba ndi kansalu kuti tizidutswa tisalowe m'maso. Mkati mukakhala moyera kapena moonekera pamene kunja kuli pinki, mtunduwo ndi wopaka. Ina ivikeni m'madzi a sopo usiku wonse, muone ngati madzi asintha. Ina ipukuteni ndi thonje lonyowetsa sipiriti. Pomaliza gawani pawiri, theka pawindo lolowa dzuwa masabata awiri, theka mu envelopu, kenako muyerekeze. Yolephera mayesowa ikhoza kupita ku ndolo zolendewera zimene sizikhudza khungu. Pa chibangili ndi pa mikanda ya m'chiuno isayandikire n'komwe. Makampani a ku Japan ali ndi zokutira zolimbirapo, Miyuki amati Duracoat, Toho amati PermaFinish, koma nazonso si zosambira nazo tsiku lililonse.

Gogo NyaJere (Chiputula): Mwatchula ya m'chiuno, ndionjezepo. Kumeneko mitundu imayankhula. Wofiira, woyera ndi wakuda ili ndi matanthauzo ake a m'nyumba amene anamkungwi amalangiza. Mayi akaitanitsa mikanda yoteroyo, mufunseni mwaulemu ngati akufuna yokongoletsa chabe kapena ya mwambo. Ya mwambo siisakanizidwa, chingwe chilichonse mtundu wakewake, ngakhale gudumu litanena zotani.

Naphiri (Chibavi): Ndamva, agogo. Funso lomaliza: pa chibangili cholukidwa pa kathabwa ka misomali kaja, kusakaniza kumayenda chimodzimodzi?

Bambo Mwale (Mchengautuwa): Maganizo ndi omwewo, koma pamenepo mukuwerenga mizere. Titenge chibangili cha mikanda 11 m'lifupi, chimene chimafuna ulusi woimirira 12. Ndi 11/0 yozungulira mizere imalowa pafupifupi 5 pa sentimita, ndiye masentimita 15 ndi mizere yopitirira pang'ono 70. Kuchoka pa mzere wopanda mkanda watsopano kufika pa mzere wa yatsopano yokhayokha pali masitepe 12. Sitepe iliyonse ikatenga mizere 6, yonse ndi 72, mikanda 792. Mizere 6 yoyamba wakale yekha, 6 yotsatira watsopano umodzi pa mzere, kenako iwiri, mpaka 11.

Cholakwika chofala ndi kuika watsopanoyo pamalo amodzi mzere uliwonse. Pamatuluka kamzere kotsika ngati msoko. Muzisuntha: mzere uno pa nambala 3, wotsatira pa 8, wina pa 5, wina pa 10, ndipo musaiwale m'mphepete, pa 1 ndi pa 11, chifukwa dzanja limakonda pakati. Jambulani kaye pa pepala la timabokosi la m'kope la masamu, kukumbukira kuti mkanda si wofanana mbali zonse, ndiye chithunzicho pa ntchito yeniyeni chidzatalikirako.

NyaGondwe (Katoto): Komanso pa kathabwapo mitundu yonse ichokere kwa wopanga mmodzi. 11/0 ya Preciosa ya ku Czech Republic ndi yophwatalala pang'ono ngati donasi, ya Toho ndi yokulirapo, ya Delica yopangidwa ndi Miyuki ndi yooneka ngati kachitini ndipo ndi yaing'ono kuposa zonsezi ngakhale nambala ili yomweyo. Mukaphatikiza, mizere ya mbali imodzi imatalika kuposa ya mbali inayo, chibangili n'kuyamba chachikulu n'kuthera chopyapyala, pakati posakaniza n'kumakwinyika. Ya m'mapaketi opanda dzina imene imapezeka mumsika imagwira ntchito, bola musankhule. Thirani pathaulo, tungani 20 ya mtundu uliwonse pa singano ziwiri, muziike pambali ndi pambali. Zikasiyana utali kuposa mkanda umodzi, mitundu iwiriyo isakumane pa kathabwa, ipite ku ntchito yongotunga pachingwe kumene kusiyanako sikuvuta.

Mayi a Chisomo (Luwinga): Naphiri, musanayambe mkanda wonsewo, tungani chigawo chimodzi chokha, kuchoka pa wobiriwira weniweni kufika pa chikasu, chifukwa pamenepo ndi pamene masitepe amakonda kudumpha. Muchiike padzanja, mujambule zithunzi ziwiri, china cha mitundu china chakuda ndi choyera, mutumize muno tione ngati pakufunika mtundu wachisanu ndi chimodzi.

Naphiri (Chibavi): Nditumiza mawa masana kukayera, amayi. Wobiriwira wopendekera kuchikasu alipo wamitundu iwiri, wa matte ndi wosalala wamba, ndiye nditunga zidutswa ziwiri kuti muone zonse.